Kamera Imene Sinalowe M'komboni: Kanema wa Moyo Weniweni ndi Antchito a M'mapulazi a ku Mashonaland

M'mbiri ya kanema muli mtundu wa mafilimu umene umasiya nyumba zachifumu ndi ngwazi zankhondo n'kukaima pakhomo pa munthu wosauka. Angerezi amautcha social realism, pamene ku Italy, kumene unakhwimira nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, anautcha neorealismo. Zizindikiro zake n'zosabisika. Filimu amaijambulira m'malo enieni, m'misewu ndi m'minda. Kawirikawiri ochita sewero amakhala anthu wamba amene sanaphunzire zisudzo. Nkhani yake imakhala ya ntchito, njala, ngongole ndi lendi. Ndipo mathero ake satonthoza woonera. Mu Ladri di biciclette ya Vittorio De Sica, ya mu 1948, bambo wina aberedwa njinga imene ntchito yake imadalira, ndipo filimu yonse ndi ulendo wa iye ndi kamwana kake wofunafuna njingayo mumzinda wa Rome. Amene anasewera ngati bamboyo, Lamberto Maggiorani, anali wantchito wa m'fakitale.

Kuyambira kale mtundu uwu unakonda munthu wolima munda wa eni ake. The Grapes of Wrath ya John Ford, ya mu 1940, inatsatira banja lothamangitsidwa pamalo ku Oklahoma likukafuna ganyu wothyola zipatso ku California. Riso amaro ya Giuseppe De Santis, ya mu 1949, inalowa m'madzi pamodzi ndi amayi opalira mpunga kumpoto kwa Italy. Vidas Secas ya Nelson Pereira dos Santos, ya mu 1963, inaonetsa woweta ng'ombe za mwini malo kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, munthu amene ngakhale mawu odandaulira anali kumuperewera. Koma pa nkhani ya chiyankhulo palibe imene inaposa La terra trema ya Luchino Visconti, ya mu 1948. Asodzi a ku Aci Trezza anasewera moyo wawo womwe, akuyankhula Chisisiliya chakwawo, chimene anthu ambiri a ku Italy sankachimva. Visconti analolera kuti filimu yake ivute kumsika kusiyana ndi kuwaika asodziwo mawu a eni mzinda m'kamwa. Ousmane Sembène anachita chimodzimodzi mu 1968 pamene anatulutsa Mandabi m'Chiwolofu. Apa m'pamene pali phata la mtundu uwu wa kanema: sikokwanira kuonetsa nsanza za wosauka, ayenera kumveka akuyankhula chiyankhulo chimene amatukanira nacho, kupempherera nacho ndi kulirira nacho maliro.

Dziko la Zimbabwe, makamaka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, linali ndi zonse zofunika kuti filimu yotere ibadwe. Mzinda wa Harare unali ndi akatswiri a kamera ndi a zojambula mawu, ena mwa iwo ataphunzira ntchito pa mafilimu akunja onga Cry Freedom ya mu 1987, imene anaijambulira m'dzikomo. Ndipo pa mtunda wa maola ochepa pagalimoto kuchokera mumzindawo, ku Mazowe, Bindura, Shamva, Mvurwi, Banket, Karoi, Marondera ndi Chegutu, kunali gulu lalikulu koposa la anthu olembedwa ntchito m'dziko lonselo. Chaka cha 2000 chisanafike, antchito a m'mapulazi akuluakulu anali oposa 300,000, ndipo pamodzi ndi mabanja awo ankayandikira mamiliyoni awiri. Ambiri anali ku zigawo zitatu za Mashonaland, kumene kuli fodya. Komabe mafilimu amene anatchuka m'zaka zimenezo anadutsa pa geti la pulazi osakhota.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa kuti anthu a m'kombonimo anali ndani. Lamulo la Land Apportionment Act la mu 1930 linapatula pafupifupi theka la dziko la Southern Rhodesia kuti likhale la azungu, ndipo nthaka yabwino ya kumtunda kwa Mashonaland inagwera m'gawo limenelo. Koma nthaka silima yokha. Mashona ambiri, pokhala anali ndi timinda tawo m'malo amene anakankhidwirako, ankaipewa ntchito ya papulazi chifukwa cha kuchepa kwa malipiro, motero eni mapulazi anayang'ana kumpoto. Ku Nyasaland msonkho unali kuthamangitsa amuna m'midzi, ndipo lipoti la komiti ya Lacey la mu 1935 linayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ankayenda pansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kutulukira ku Mutoko. Kenaka boma la ku Salisbury linakhazikitsa magalimoto onyamula anthu mosalipiritsa, amene anadziwika ndi dzina la Chinyanja loti Ulere, ndipo mu 1946 linakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Supply Commission, limene kumudzi linkatchedwa Mthandizi. Maina awiriwa ngoyenera kuwalingalira: boma lofuna manja otchipa linadzibatiza ndi mawu achifundo a chiyankhulo cha anthu omwe linkawatolawo.

Pofika m'zaka za m'ma 1950, fodya wowotcha m'mabalani atakwera mtengo, antchito oposa theka a m'mapulazi anali ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Ambiri sanabwerere. Kumudzi ankawatcha matchona. Kumene anapitako ankawatcha Manyasarandi, mabwidi, kapena Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre ngakhale munthuyo atakhala wa ku Dedza kapena ku Mzimba. Moyo wawo unali wa tikiti ya masiku makumi atatu, wa phoso la ufa, nyemba ndi mchere, wa mugwazo umene kapitawo ankapima m'mawa, ndi wa ngongole ya kusitolo ya papulazi imene inkadya malipiro asanafike m'manja. Lamulo lowalamulira linali Masters and Servants Act la mu 1901, limene linkaona kuthawa ntchito ngati mlandu, ndipo linakhalabe pa iwo mpaka chakumapeto kwa ulamuliro wa azungu. Mzungu ankawayankhula m'Chilapalapa, chiyankhulo cha malamulo okhaokha. Koma dzuwa likalowa m'komboni munkamveka Chinyanja, Chiyao, Chisena ndi Chishona zitasakanikirana; Loweruka ndi Lamlungu kunkatuluka gule wamkulu, amene Mashona amati zvigure; Ayao anamanga timizikiti tawo; ndipo mabungwe a maliro ankasonkha ndalama kuti munthu wakufa kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Aliyense amene anaonera Riso amaro angaone kuti apa panali filimu yokonzeka kale, yongodikira kamera.

Kamera yoyamba imene inayenda m'madera amenewa inali ya boma. Bungwe la Central African Film Unit linayamba mu 1948, likulu lake lili ku Salisbury, ndipo linkapangira mafilimu anthu akuda a ku Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland mpaka chitaganya chinatha mu 1963. Mbiri yake inalembedwa bwino ndi James Burns m'buku lake la mu 2002, Flickering Shadows. Poyang'ana pamwamba, mafilimu ake onga The Two Farmers, Wives of Nendi ndi Mulenga Goes to Town anali ndi zizindikiro zina za neorealismo, popeza ankawajambulira m'midzi yeniyeni ndi anthu wamba. Koma mtima wake unali wosiyana kotheratu. Nkhani inkakhala ya wanzeru ndi wopusa: wanzeru amamvera mlangizi wa boma n'kukolola zambiri, wopusa amakakamira zamakolo n'kugwa m'mavuto. Umphawi unkaoneka ngati cholakwa cha wosaukayo, ndipo funso loti nthaka yabwino inapita kuti silinkafunsidwa. Chinanso n'chakuti mafilimu oyambirirawo analibe mawu. Galimoto ya kanema ikafika pamalo, womasulira ankaima pambali n'kumafotokoza m'chiyankhulo cha kumaloko zimene anthu a pachinsaluwo akuchita. Anthu akuda ankaoneka milomo ikugwedezeka, mawu ake akuchokera kwa wantchito wa boma. N'zochititsa chidwi kuti Stephen Peet, amene anatsogolera ambiri mwa mafilimu amenewa, atabwerera ku Britain anadzatchuka ndi pologalamu ya BBC yotchedwa Yesterday's Witness, imene ntchito yake inali kulola anthu wamba kufotokoza mbiri ndi pakamwa pawo.

Filimu yopeka imene inalowadi papulazi la ku Rhodesia ndi The Grass Is Singing ya Michael Raeburn, ya mu 1981, yochokera m'buku la Doris Lessing la mu 1950. Lessing anakulira papulazi pafupi ndi Banket, ndipo ankalidziwa fungo la balani ndi kulira kwa simbi yoitanira anthu kuntchito. Filimuyo anaijambulira ku Zambia; Karen Black ndi John Thaw anasewera ngati Mary ndi Dick Turner, ndipo John Kani wa ku South Africa anasewera ngati Moses. Pa kusakometsera zinthu, ntchitoyi njosakayikitsa. Pulazi la a Turner ndi la azungu osauka, denga lamalata lopanda siling'i, ngongole chaka ndi chaka, ndipo Mary amamenya Moses ndi chikoti kumaso ali kumunda. Koma diso la nkhaniyo limaima pakhonde la nyumba ya mzungu n'kumayang'ana kukomboni chapatali. Zimene Moses akuganiza siziululidwa, ndipo Lessing anachita zimenezi dala, posonyeza kuti azungu a nthawiyo sankatha kumuona wantchito ngati munthu. M'bukumo muli mnyamata wina amene amafika pakhomo la kukhitchini kudzapempha ntchito, wowonda ndi ulendo wapansi wochokera ku Nyasaland. Mary amamutsitsa malipiro amene wapempha, amamukalipira chifukwa sadziwa kayalidwe ka tebulo, ndipo posakhalitsa mnyamatayo wachoka m'nkhanimo. Alibe dzina. Kumene anachokera, chimene anasiya kumudzi, ndi kumene analowera atachoka pakhomopo, ndiyo nkhani imene De Sica akanaitola.

Zaka za m'ma 1990 zinabweretsa mafilimu amene Azimbabwe amawakumbukirabe. Bungwe la Media for Development Trust, lotsogozedwa ndi John ndi Louise Riber, linatulutsa Neria, yotsogoleredwa ndi Godwin Mawuru kuchokera pa nkhani ya Tsitsi Dangarembga, yonena za mayi wamasiye wolandidwa chuma ndi mlamu wake. More Time ya Isaac Mabhikwa mu 1993. Everyone's Child mu 1996, imene Dangarembga anaitsogolera yekha. Ndi Yellow Card mu 2000. Padera pa izi panali Flame ya Ingrid Sinclair, ya mu 1996, yonena za atsikana amene anamenya nawo nkhondo ya ufulu, imene apolisi anailanda isanamalizidwe. Mwa onsewa, Everyone's Child ndiyo inafika pafupi kwambiri ndi kuwawa kwa neorealismo: ana amasiye a Edzi, mtsikana wodzipereka kwa mwini sitolo kuti abale ake adye, mnyamata wosochera m'misewu ya Harare, ndi kamwana kopsera m'nyumba. Neria, ngakhale inakhudza anthu ambiri ndipo nyimbo ya Oliver Mtukudzi inaipatsa moyo wautali, imathera m'khoti momwe chilungamo chimapambana, ndipo phunziro loti anthu azilemba wilo limamveka poyera. Pamenepa pakuoneka chibale china ndi mafilimu a atsamunda aja, chimene opanga ake sakanakondwera nacho: ndalama zinkachokera ku mabungwe akunja, ndipo bungwe lililonse linkafuna uthenga wake umveke.

Koma chimene chikukhudza nkhani ino ndi mapu amene mafilimu amenewa anajambula. Mwa iwo Zimbabwe ali ndi malo awiri, tawuni ndi kumusha, ndipo basi imayenda pakati pa awiriwo. Munthu aliyense ali ndi mudzi kumene adzaikidwe. Wantchito wa papulazi analibe malo pamapu otere, chifukwa kumusha kwake kunali komboni ya pamalo a munthu wina, ndipo mudzi wa agogo ake ku Ntcheu kapena ku Angónia unali dzina chabe lomva m'nthano. Ngakhale pofika nthawiyo Mashona anali atachuluka m'ntchitoyi, ndipo a mtundu wakunja anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, dzina loti mlendo linamatirira pa onse.

Panalinso chopinga cha geti lenilenilo. Blair Rutherford, amene anachita kafukufuku m'mapulazi a m'boma la Hurungwe, anasonyeza m'buku lake la mu 2001, Working on the Margins, kuti pulazi linkayendetsedwa ngati banja la mwini wake: nyumba, madzi, sukulu, kachipatala ndi chilango zonse zinali m'manja mwa bwana, ndipo boma linkathera pampanda. Antchitowa sankavota n'komwe pa zisankho za makhonsolo a kumidzi mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Wojambula filimu angathe kuimika kamera pamsewu wa ku Mbare popanda kupempha mwini msewu, koma m'komboni sakanalowa popanda chilolezo cha munthu yemweyo amene filimuyo ikanamuvula. Ndipo akanalowa, akanakumana ndi funso la Visconti. Mafilimu a zaka zimenezo anali m'Chingerezi kwakukulukulu, kuti agulitsidwe m'maiko ena a mu Africa. Ngati mayi wamasiye wa ku Harare woyankhula Chingerezi anali wokayikitsa pang'ono, wosankha fodya wa ku Raffingora woyankhula Chingerezi akanakhala nthabwala.

Chimene kanema analephera, gitala anachita. Nyimbo za sungura zinakulira m'mapulazi ndi m'migodi, ndipo ena mwa akatswiri ake anali ana a matchona. Nicholas Zakaria wa gulu la Khiama Boys anabadwira papulazi ku Mazowe. Alick Macheso, amene anaphunzira ntchito m'gulu lomwelo, anabadwira ku Shamva mu 1968 ndipo anakulira m'moyo wa papulazi. Onse awiri anaimba m'Chishona ndi m'Chichewa, za umasiye, kusowa, kaduka ndi kuzunzika pantchito, ndipo anthu apamwamba a m'tawuni kwa nthawi yaitali ankazinyoza nyimbozi kuti n'zakumapulazi. Gitala safuna chilolezo cha mwini malo kapena ndalama za bungwe lakunja, ndipo woimbayo ndi mwini nkhani.

Makamera anafika m'mapulazi mwaunyinji mu 2000. Anthu atakana malamulo atsopano a dziko pa referendamu ya mu February chaka chimenecho, kulanda mapulazi kunayamba, nyengo imene inadziwika kuti jambanja. Kuti nthaka inagawidwa mopanda chilungamo chiyambire 1930 palibe angatsutse, ndipo mabanja ambiri opanda malo anapezadi minda. Koma zithunzi zimene zinazungulira dziko lapansi zinali za mitundu iwiri yokha: mzungu wotuluka magazi, ndi msilikali wakale wonyamula nkhwangwa pageti. Wantchito ankaoneka kumbuyo, atasenza mtolo, nyumba yake yaudzu ikufuka. Lipoti la Lloyd Sachikonye la mu 2003 linayerekeza kuti pafupifupi 200,000 anali atataya ntchito, ndipo amene analandira malo anali ochepa kwambiri, osafika asanu pa zana lililonse. Mu 2000 momwemo Robert Mugabe, pamsonkhano wandale, ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi alendo opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, ngati kuti Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe si mifunda. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, n'kulamula aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kuti akane unzikawo m'miyezi isanu ndi umodzi. Anthu obadwira ku Trelawney, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anauzidwa kuti akakane dziko limene silinkawadziwa n'komwe, ndipo ambiri anatsala opanda dziko lililonse.

Mafilimu awiri a zochitika zenizeni, onse a mu 2009, akusonyeza mmene zinthu zinathera. Mugabe and the White African, ya Lucy Bailey ndi Andrew Thompson, inajambulidwa mobisa papulazi la Mount Carmel ku Chegutu. Imatsatira Mike Campbell ndi mkamwini wake Ben Freeth pa mlandu wawo ku khoti la SADC ku Windhoek, limene linagamula mowakomera pa 28 November 2008, chigamulo chimene boma la Zimbabwe linachinyalanyaza. Ndi filimu yogwira mtima. Kumenyedwa kwa banjalo mu June 2008 kunali kwankhanza zosaneneka, ndipo filimuyo inalandira mphoto ku Britain. Koma antchito a pamalopo, amene ankati ndi mazana angapo pamodzi ndi mabanja awo, amalowa m'nkhanimo ngati umboni wa ubwino wa bwana wawo. Amaoneka akupemphera, akulira, akulonjera. Mbiri ya mmene makolo awo anafikira pamenepo, kapena chimene iwo akanafuna chichitike ndi nthakayo, sizifunsidwa. Kamera inali itasuntha pang'ono chabe kuchokera pakhonde la Mary Turner.

Inayo ndi House of Justice, filimu yaifupi imene bungwe la antchito a m'mapulazi la GAPWUZ linatulutsa pamodzi ndi lipoti lotchedwa If Something Is Wrong. Muno antchito eni ake amafotokoza za kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa. Ilibe ukatswiri wa inzake ija, ndipo cholinga chake chinali kukadandaula kwa atsogoleri a SADC, osati kukapikisana ku zikondwerero za mafilimu. Komabe ndi imene inaopsa olamulira. Mu February 2010 mlembi wamkulu wa bungwelo, Gertrude Hambira, anaitanidwa kukafunsidwa ndi akuluakulu a chitetezo, ofesi ya bungwelo inasechedwa, ndipo iye anathawira ku South Africa. Filimu ya mzungu inapita kukalandira mphoto ku London. Ya wantchito inathamangitsa mtsogoleri wake m'dziko.

Makomboni sanathe. Ambiri mwa okhalamo anatsala m'nyumba zomwezo, akugwira maganyu kwa alimi atsopano, ena akukumba golide m'mitsinje ya ku Mazowe ndi Shamva. Fodya anadzukanso m'manja mwa alimi ang'onoang'ono, ndipo mu 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lotchedwa A Bitter Harvest, lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ndi matenda obwera chifukwa chogwira masamba aawisi. Kuti Chichewa chingathe kusenza filimu yaitali yoonetsedwa padziko lonse, zinaoneka mu 2019 pamene Chiwetel Ejiofor anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, yojambulidwa ku Kasungu, mmene muli njala, fodya ndi gule wamkulu, ngakhale makutu a eni chiyankhulo anamva kupotoka kwa malilime a ochita sewero akunja. Chichewa cha m'komboni za ku Mashonaland n'china: chadzala mawu a Chishona, chasunga mawu akale amene ku Lilongwe anaiwalika, ndipo nkhalamba zimene zinachibweretsa pa Ulere zatsala zowerengeka.

Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anabwezera unzika kwa anthu obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera ku dziko lina la SADC, ngakhale ambiri anavutikabe kuti mawu oti alien achoke pa zitupa zawo. Malamulo omwewo, m'gawo lachisanu ndi chimodzi, anatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Chichewa chili pamwamba pa mndandandawo, patsogolo pa Chingerezi, Chindebele ndi Chishona. Malo oyambawo chinawapeza chifukwa cha ndondomeko ya alifabeti.